Dizilo wa pikapu yanu akuthera pati?

Ngati muli ndi pikapu ya dizilo kuno ku Metangula, kapena mumayendetsa ya abwana anu, mukudziwa kumene ndalama zimathera. M'mamawa mumapakira matumba a usipa, n'kukwera nawo ku Lichinga. Pobwerera mumatenga simenti, malata, makatoni a sopo ndi anthu. Madzulo mukawerenga zomwe mwapeza, zambiri zatsala pa pampu ya mafuta. Nkhaniyi ikukhudzanso inu amayi amene mumalipira thumba lililonse pa chapa, chifukwa galimoto ikamamwa kwambiri, ndalamazo zimachokera m'chitenje mwanu.

Mtengo wa dizilo simungausinthe. Umalengezedwa ndi bungwe la boma la ARENE, ndipo mafutawo amalowa m'dziko kudzera m'madoko monga Nacala ndi Beira, kutali ndi nyanja yathu. Phiri nalonso simungalichotse. Nyanja ya Niassa ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Lichinga ali pa mamita opitirira 1,300. Ulendo uliwonse galimoto imakweza katundu pa chitunda chonsecho. Chimene mungasinthe ndi dizilo amene amangowonongeka m'njira, ndipo zambiri zothandiza pamenepa n'zotsika mtengo.

Chinthu choyamba kugula si chitsulo ayi. Gulani kope ndi bolopeni. Mukafika ku Lichinga, dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha. Lembani nambala ya makilomita imene ikuoneka pa mita ya galimoto. Ulendo wotsatira dzazaninso pa pampu yomweyo, mulembe malita amene alowa ndi nambala yatsopano ya makilomita. Kenako gawani makilomita amene mwayenda ndi malitawo.

Tiyerekeze kuti kupita ndi kubwera mwayenda makilomita 220, ndipo mwathira malita 22. Ndiye kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 10. Mutakonza galimoto, ulendo womwewo n'kutha malita 20, lita imodzi yafika pa makilomita 11. Malita awiri akuoneka ochepa. Koma ngati mumayenda maulendo 20 pa mwezi, amenewo ndi malita 40. Chulukitsani ndi mtengo wa lero, muone. Popanda kopeli mumangoyendera mawu a anthu: uyu akuti galimoto yasintha, uyo akuti ayi, ndipo makaniko walandira kale ndalama zake.

Tsopano yang'anani matayala. Tayala lofewa limaphwatalala pa phula, limatentha, ndipo injini imavutika kulikoka. Kumenya tayala ndi mwendo si kuyeza. Kageji ka m'thumba koyezera mpweya sikadula, ndipo kamakhala zaka. Mlingo woyenera unalembedwa pa kapepala komata pa khomo la dalaivala kapena m'buku la galimoto. Nthawi zambiri pamakhala manambala awiri, ina ya galimoto yopanda katundu, ina ya yodzaza. Yezani m'mamawa, matayala asanatenthe. Ambiri mumachepetsa mpweya kuti mudutse pa mchenga wa ku Chuanga kapena m'malo ovuta a msewu wa ku Cóbuè. Palibe cholakwika. Cholakwika n'kuiwala kupopanso, n'kukwera phiri lonse pa matayala ofewa. Matayala akuluakulu a mano ngati a thirakitala amakongoletsa galimoto, koma ndi olemera ndipo pa phula amadya dizilo. Ngati tayala likutha mbali imodzi yokha, miyendo ya galimoto yapotoka, kaiwongoletseni.

Pali kachipangizo kena kamene amakaniko ambiri amakonda kuchotsa. Dzina lake ndi thermostat. Kamakhala pa njira ya madzi, pakati pa injini ndi lediyeta. Injini ikakhala yozizira, kamatseka madzi kuti itenthe msanga. Ikatentha mokwanira, kamatsegula. Galimoto ikayamba kuwiritsa madzi, ena amangokachotsa n'kunena kuti kuno n'kotentha, kachipangizoka n'ka ku Ulaya. Amene amanena zimenezi sanagonepo ku Lichinga mu Juni. Injini ya dizilo imawotcha mafuta bwino ikafika pa kutentha kwake. Ikamayenda yozizira imamwa kwambiri, komanso imatha msanga m'kati. Onani singano ya kutentha mukamatsika phiri. Ngati yagwera pansi n'kukhala komweko, mwina kachipangizoka mulibe, kapena kanafa kali kotsegula. Gulani katsopano mubwezeremo. Ngati madzi akuwirabe, vuto lili kwina: lediyeta yatsekeka ndi matope, lamba wa fani wamasuka, kapena pampu ya madzi yatha.

Injini imapumanso ngati munthu. M'chilimwe, fumbi la misewu yathu limatseka sefa ya mpweya, ija amakaniko amati filtro. Mpweya ukachepa, dizilo sapsa yense. Utsi wakuda umene mumasiya m'mbuyo pa chitunda ndi mafuta amene munalipira. Sefa ya pepala musaitsuke ndi madzi, ndipo musaimenyetse pa mwala, imabooka n'kulowetsa fumbi mu injini. Ipemerereni mpweya pang'onopang'ono kuchokera m'kati, ndipo ikada kwambiri gulani ina. Ngati utsi ukupitirira sefa ili yatsopano, pitani nayo kwa odziwa mainjekita akawayeze. Musalole munthu aliyense kupotokola pampu ya dizilo mongoganizira.

Dizilo wa m'zigubu amatithandiza kumene kulibe pampu, koma nthawi zina amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Musefeni pothira. Magalimoto ambiri ali ndi kampopi pansi pa sefa ya dizilo kotayira madziwo, katseguleni nthawi ndi nthawi.

Ngati yanu ndi Hilux kapena Land Cruiser yakale ya magiya a miyendo inayi, yang'anani pakati pa mawilo akutsogolo. Ambiri ali ndi kotembenuza kolembedwa LOCK ndi FREE. Mukatuluka m'matope n'kufika pa phula, bwezerani giya pa 2H, mutsike, mutembenuzire mbali zonse ziwiri pa FREE. Mukapanda kutero, mawilo amazunguza zitsulo zakutsogolo ulendo wonse popanda ntchito. Mabuleki ogwira nawonso amaba mafuta mwakachetechete. Mukayenda pa malo osalala osaponda buleki kwambiri, imani, muyandikize dzanja pa wilo lililonse. Limene latentha kuposa anzake lili ndi mlandu.

Za mphepo, msodzi aliyense angakuphunzitseni. Kupalasa bwato moyang'anizana ndi mwera si masewera. Galimoto nayo imalimbana ndi mpweya, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mpweyawo imawirikiza kanayi. Matumba osanjikiza kupitirira denga ali ngati khoma. Pakirani katundu wolemera pansi, pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala. Mangani lona mothina kuti asamakupize. Zitsulo za padenga zimene simukuzigwiritsa ntchito, masulani. Ndipo mukamadikira anthu pa siteji, zimitsani injini. Kuliza injini sikudzazitsa galimoto.

Mudzakumana ndi ogulitsa maginito omangirira pa paipi ya mafuta, ndi timapiritsi toponya m'thanki. Sungani ndalama zanu. Ena amasakaniza palafini ndi dizilo. Pampu ndi mainjekita zimadalira dizilo kuti zitsulo zake zisakhulane, pamene palafini ndi wouma. Zimene mungapulumutse pa chigubu chimodzi sizingafike pa mtengo wa pampu yatsopano.

Koma chizolowezi choopsa kuposa zonse chili pa mtsetse. Mukadutsa Maniamba n'kuyamba kutsikira kunyanja, madalaivala ena amachotsa giya, amati ponto morto, kuti galimoto izingotsetsereka. Ena amafika pozimitsa injini. Amati akusunga mafuta. Zoona zake n'zakuti injini ya dizilo ikakhala m'giya pa mtsetse, phazi mutalichotsa pa moto, imadula mafuta yokha, ndipo imamwa pang'ono kwambiri kapena osamwa n'komwe. Mukachotsa giya, injini imafunika dizilo kuti izilirabe. Palibe chimene mwapindula. Chimene mwataya ndi mphamvu ya injini yogwira galimoto, ndipo katundu yense watsamira pa mabuleki okha. Mabuleki akatentha kwambiri amasiya kugwira. Mukazimitsa injini, buleki imauma mutangoponda kangapo, chiwongolero chimalemera, ndipo mukatembenuza kiyi mpaka kumapeto chikhoza kukiyika pa kona.

Tsikani phiri pa giya imene munakwerera, kapena yoyandikana nayo. Ngati ndinu mwini galimoto, muuzeni dalaivala wanu kuti malita muziwerengera limodzi m'kope kumapeto kwa sabata, asamawasake pa mtsetse. Ndipo inu amene mwakhala kutsogolo ndi dengu pamiyendo, mukamva injini yakhala chete galimoto ikuthamanga, musachite manyazi. Nenani mwaulemu kuti: "A dalaivala, bwezerani giya chonde, kumbuyoku kuli ana."