Vinkubala, Inswa ndi Njala ya Nyama

M'chaka cha 1961 dziko lonse linapeza nyama yokwana matani pafupifupi 71 miliyoni, koma lero chiwerengerochi chapitirira matani 340 miliyoni, chifukwa anthu achuluka ndiponso banja likayamba kupeza ndalama, ndiwo yoyamba kuilakalaka ndi nyama. Chovuta n'chakuti ng'ombe imadya kwambiri: malinga ndi zimene inanena mu 2013 FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, ng'ombe imadya makilogalamu pafupifupi 8 kuti inenepe ndi kilogalamu imodzi, pamene tizilombo todyedwa timangofuna makilogalamu 2.

Kudya tizilombo, kumene akatswiri a FAO amalimbikitsa, si kwachilendo ku Nangongwe, komboni ya m'tauni ya Kafue kumwera kwa Lusaka ku Zambia. Ngakhale kuti tauniyi ili m'mphepete mwa dambo la Kafue Flats, kumene Aila ndi Atonga amaweta ng'ombe zambiri, mabanja ambiri sangakwanitse kugula nyama tsiku ndi tsiku. Mvula yoyamba ikagwa cha mu Novembala, inswa, zimene ku Malawi amati ngumbi, zimaunjikana pa nyale, ndipo zimakazingidwa ndi mchere wokha popeza mafuta zili nawo kale. Vinkubala, zomwe ndi mphalabungu za m'nkhalango za miombo, zimachokera kutali, monga ku Serenje ndi ku Mpika, kumene otola amazifinya matumbo ndi kuziumitsa kuti zisaonongeke paulendo. Wophika amaziviika m'madzi ofunda asanazikazinge ndi tomato ndi anyezi, ndipo zikakhala zouma, pafupifupi theka la kulemera kwake limakhala mapuloteni, omwe ndi chakudya chomanga thupi.

Komabe ndiwo imeneyi siiwetedwa m'khola, imadalira masamba a mitengo monga mutondo, ndipo nkhalango za miombozo n'zimene zimadulidwa kuti ziotchedwe makala a m'matauni. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, chinachepetsa madzi opangira magetsi ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, moti nyumba zambiri zinabwerera ku mbaula. Choncho, pamene bungwe la European Union linayamba kuvomereza tizilombo ngati chakudya mu 2021 ndipo mayiko a ku Ulaya akuyesetsabe kukopa anthu awo kuti atilawe, ntchito ya Zambia ndi ina: okonda vinkubala alipo kale, koma mitengo yozidyetsa ndi imene ikufunika chitetezo.