KODI MFUTI YATSOPANO IYENERA KUZOLOWERETSEDWA?

Chimanga chikayamba kukhwima, nguluwe ndi anyani salephera kulowa m'minda. Ena mwa inu mwagula mfuti za raifulu zochinjirizira mbeu, ndipo mwamva kuti mfuti yatsopano iyenera kuzoloweretsedwa monga ng'ombe pa goli, apo ai idzaphonya masiku onse. Kodi nzoona?

Mwambo umenewu ngwa akatswiri a mpikisano wolasa chandamale, makamaka ku America. Iwo aombera chipolopolo chimodzi natsuka mpope wa mfuti, naomberanso, natsukanso, kufikira kakhumi kapena kuposa. Chifukwa chache ndi ichi: m'kati mwa mpope muli timizere topotana tozunguza chipolopolo, ndipo poyambira timizereto makina amasiya pokhakhala. Pamenepo pamapala mkuwa wokuta chipolopolo, mkuwawo nukanirira mu mpope. Akati atsuke, zipolopolo zotsatira zipeza mpata wosalaza malowo.

Koma osula mfuti sabvomerezana. Gale McMillan, wosula mipope wodziwika ku America komweko, ankati mwambowu ungodya mpope pachabe. Phindu lache likakhalapo ndi lakuti mpope subvuta kutsuka. Pa malasidwe kusiyana nkochepetsetsa, kosaoneka pa nguluwe iri pa mayadi 50. Chifefe ndi gogodera zilibe timizere, tsono nkhaniyi siizikhudza.

Zimene ziphonyetsa mlimi ndi zina, ndipo samalani izi:

1. Musanaombere koyamba, pukutani girisi yense wa ku fakitale m'kati mwa mpope. Girisi wotsala akhoza kutupitsa mpope, kapena kuuphulitsa nikupwetekani.

2. Onani kuti zomangira chitsulo ku mtengo nzolimba.

3. Ikani chandamale patsinde pa chulu, kutali ndi nyumba ndi njira. Tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga, muombere zitatu, muone kumene zagwera, mukonze zolozera.

4. Musasinthesinthe mtundu wa zipolopolo, pakuti mtundu uli wonse ugwera pache.

5. Nyengo ya dzinja pakani mafuta pang'ono mukatha nchito. Dzimbiri liononga mpope koposa kuombera.

Inu mafumu, kumbutsani anthu anu kuti mfuti iri yonse ikhale ndi laisensi, ndiponso usiku munthu asaombere chinthu chimene sanachione bwino. Chotakataka m'chimanga mwina ndi mwana wa mnzanu. Tsalani bwino.