Mng'ono wanga akufuna za nyenyezi, nanga adzamulipira ndani?

Magetsi atathima usiku wina kwathu ku Machinjiri, ndinakhala pakhonde ndi mng'ono wanga wa Fomu 4. Thambo linali mbee, nyenyezi zili waa pamwamba pa phiri la Ndirande. Iye anangoti, "Achimwene, ine ndidzaphunzira za nyenyezi." Ndinaseka, kenako ndinamufunsa funso lathu lija: adzakulipira ndani?

Funsolo linandisowetsa tulo ine ndemwe, moti ndinatha bandulo kufufuza. Ndalama zilipo, koma zinasintha njira. Masiku ano mayiko olemera akusonkherana n'kuthira chuma pa zimakina zochepa koma zikuluzikulu. Telesikopu ya James Webb, yomwe inatumizidwa kumwamba mu 2021, inadya madola pafupifupi 10 biliyoni. Koma chidishi chotchuka cha Arecibo ku Puerto Rico chitagwa mu 2020, aku America anati sachimanganso.

Chinandidabwitsa n'chakuti gawo la chumacho linatera pafupi pompa. M'chipululu cha Karoo ku South Africa muli MeerKAT, madishi 64 omwe anatsegulidwa mu 2018. Si oonera mpira ayi, amatchera mafunde a wailesi ochokera ku milalang'amba yakutali. Mu 2022 anayamba kumanga komweko SKA, yomwe idzameze MeerKAT yonse. Pa mayiko 8 a mu Africa amene akugwira nawo ntchitoyi, Zambia ndi Mozambique alipo. Malawi mulibe. Apa mtima unandiwawa, kunena zoona.

Kukhalamo nakonso si kufika. Pulogalamu ya DARA, yophunzitsa achinyamata a m'mayiko amenewa, inayamba mu 2015 ndi ndalama za ku Britain. Mu 2021 Britain inadula chithandizo cha kunja, ndipo thumba la Newton Fund, lomwe linkalipira, linadzatsekedwa. Za madona sitichita kuuzidwa ife.

Komabe pali khomo. Madishiwa amatulutsa data yochuluka moti munthu sangaiwerenge ndi maso. Akufunika odziwa masamu, fizikisi ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta, luso lomwe limagulikanso kubanki ndi kumakampani a mafoni nyenyezi zikakanika.

Ndiye Loweruka ndinamupatsa laputopu yanga yakale kuti ayambe Python. Batire yake sichedwa kutha, koma akuti akagona mochedwa podikira magetsi.