Mayi, Tetezani Chiwindi cha Mwana Wanu

Ambiri timaganiza kuti chiwindi chimadwala kwa omwa mowa okha, ndiye poti m'nyumba mwathu mowa sulowa, timakhala mtima m'malo. Ayi ndithu. Shuga wambiri nayenso amachiwononga. Thupi likalandira shuga woposa amene likufuna, chiwindi chimamusandutsa mafuta n'kuwasunga momwemo. Mwana samva kupweteka. Vuto limaoneka atakula: mimba kukula, matenda a shuga, BP. Mwana amene anapinimbira ali wamng'ono, kenako n'kunenepa msanga, ndiye ali pachiopsezo chachikulu.

Tsiku la msika ku Nsaru, Namitete kaya Mpingu, mwana akalira timamugulira mafilizi, mandasi kapena chakumwa cha m'botolo. Botolo limodzi la 300ml limatha kukhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi 8. Inu mungathire 8 m'kapu imodzi?

Zoteteza chiwindi zili kudimba kwanu komweko. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, maungu, mbatata yofiira mkati, magwafa, mapapaya, masuku ndi malambe zili ndi timichere totchedwa ma antioxidant, timene timathandiza kuti ziwalo zam'kati zisawonongeke. Chipatso m'patseni adye chathunthu, osati juwisi wothira shuga.

Kuphika nakonso. Masamba musawaphike mpaka kuda, ndipo soda kapena chidulo zimapha vitamini C. Tendererani nsinjiro, phulani akadali obiriwira. Phala likhale lamgaiwa.

Mwana wosakwana zaka 2 musamuthirire shuga. M'kanyireni nthochi m'phala. Kusikelo, afunseni alangizi a zaumoyo akuonetseni m'buku mmene akukulira.