Kodi boma nalonso limakongola ndalama?

Ana inu, mukadzakwera basi pa Ntcheu boma kulowera ku Blantyre, mudzakhale tcheru mukamayandikira pa Chingeni. Galimoto zimandandalika pamzere, dalaivala amatulutsa dzanja pawindo n'kupereka ndalama, amalandira lisiti, kenako chitsulo chotchinga msewu chija chimadzuka. Malo olipirira amenewa anatsegulidwa mu 2021, ndipo ndalama zotoleredwa pamenepo ndi zokonzera misewu. Mwana wachidwi angafunse kuti, "Kodi boma si ndiye mwini ndalama? Likupemphanso kwa madalaivala chifukwa chiyani?"

Boma lilibe munda wa ndalama. Zambiri zomwe limagwiritsa ntchito zimachokera m'matumba a anthu, ndipo timazitcha msonkho. Bungwe la MRA ndi lomwe limatolera msonkho pa malipiro a anthu apantchito, pa phindu la makampani, pa katundu wolowa m'dziko, ngakhalenso pa zinthu zambiri zomwe amayi amagula mugolosale. Chaka chilichonse nduna ya zachuma imaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe n'kuwerenga bajeti, yomwe ndi ndondomeko yonena ndalama zimene boma likuyembekezera kupeza ndi zimene likufuna kugula: mankhwala a m'zipatala, malipiro a aphunzitsi anu, mabuku, milatho. Vuto ndi lakuti zofunika kugula zimachuluka kuposa zomwe zatoleredwa. Zoperewerazo boma limakongola, zina ku mabanki a m'dziko muno, zina kunja, ku mabungwe monga World Bank ndi IMF kapena ku maiko monga China ndi India.

Ndikudziwa funso lomwe labwera m'mutu mwanu: bwanji Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko lathu, osangotulutsa ndalama zambirimbiri, aliyense n'kulemera? Tiyeni tipite pa msika wa Lizulu. Tinene kuti lero pafika matumba khumi a kachewere, ndipo usiku wathawu aliyense wogula wapeza kuti ndalama zake zawirikiza kawiri. Matumba aja akadali khumi. Ogula adzalimbirana, wogulitsa adzakweza mtengo, ndipo pofika madzulo palibe amene wadya zochuluka kuposa dzulo. Anzathu a ku Zimbabwe anaziona zimenezi mu 2008, pomwe mitengo ya zinthu inkasintha m'mawa ndi madzulo, ndalama zodzaza chikwama osakwana kugula buledi.

Kuti mumvetse za ngongole, ganizirani alimi awiri a ku Tsangano, kumtunda kozizira kuja komwe kachewere amabereka bwino. Onse awiri atenga ngongole ku banki mkhonde. Woyamba wagula mbewu yabwino ndi feteleza, wabzala, wapalira, wakumba matumba ambiri, wagulitsa, wabweza ngongole, ndipo zotsala walipirira ana sukulu. Wachiwiri wagula nyama ndi zovala za pachikondwerero. Ndalama zatha, munda uli mbee. Tsiku lobweza likafika alibe kogwira, ndiye amathamangira kwa munthu wa katapira kukakongola zina kuti atseke ngongole yoyamba ija. Apa ndiye pamayambira misozi, chifukwa ngongole imabala mwana. Mwana ameneyu dzina lake ndi chiwongola dzanja: ukakongola K10,000, umabweza yoposa pamenepo, ndipo ukachedwa, mwana uja amabalanso ana ake. Akuluakulu amati walira mvula walira matope. Wopempha ngongole wapemphanso chiwongola dzanja.

Dziko limatha kukhala ngati mlimi woyamba, limathanso kukhala ngati wachiwiri. Ngongole yomangira damu la ulimi wamthirira kapena malo opangira magetsi imabweretsa phindu lodzabwezera. Ngongole yongodyera sibweretsa kanthu. Chomwe chimandiwawa mtima ine ndi ichi: mu bajeti ya chaka cha 2024/25, pafupifupi kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse inaikidwa kuti ilipire chiwongola dzanja chokha, osati ngongole yeniyeniyo. Tangoganizani mbale ya nsima ya mitanda inayi, mtanda umodzi n'kuchotsedwa ana asanasambe m'manja. Mtanda umenewo ukanatha kukhala madesiki a m'kalasi mwanu.

Aka si koyamba dziko lathu kulemedwa chotere. Mu 2006, pomwe mtsogoleri anali Bingu wa Mutharika ndipo nduna ya zachuma inali Goodall Gondwe, maiko ndi mabungwe akunja anakhululukira Malawi gawo lalikulu la ngongole yake. Dziko linapumako. Koma m'zaka zotsatira ngongole inayambanso kuunjikana, ndipo mavuto monga chilala, mliri wa Covid-19 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anawonjezera katundu pamutu pa munthu wotopa kale.

Pali chinanso chovuta. Ngongole yakunja sitibweza ndi makwacha, timabweza ndi ndalama zakunja monga madola a ku America. Mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala ambiri timagulanso ndi madola omwewo. Nanga madolawo timawapeza bwanji? Pogulitsa katundu wathu kunja. Kwa zaka zambiri fodya ndiye wakhala akubweretsa ochuluka, pambali pa tiyi, shuga ndi mbewu monga nandolo, soya ndi mtedza. Koma timagula kunja zambiri kuposa zomwe timagulitsa, choncho madola amasowa ndipo kwacha imafooka. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo makolo anu angakuuzeni momwe mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira unalumphira nthawi imeneyo.

Ndiye boma likuganiza zotani? Mu Januwale 2021, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anakhazikitsa masomphenya otchedwa Malawi 2063, omwe anakonzedwa ndi bungwe la National Planning Commission. Cholinga chake ndi chakuti pofika chaka cha 2063 Malawi adzakhale dziko lolemera ndi lodzidalira, chuma chake chofikira aliyense. Masomphenyawa akhala pa mafuwa atatu ngati mphika: ulimi wochuluka zokolola komanso wa malonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni okonzedwa bwino. Palinso chiyembekezo pa zokopa alendo ndi migodi, monga wa Kangankunde kwa anansi athu ku Balaka, komwe kuli miyala yofunika popanga maginito a m'galimoto zoyendera magetsi.

Fuwa la mafakitale ndi lomwe ndikufuna muliganizire kwambiri, inu a ku Ntcheu. Nthawi ya tomato wambiri, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 amatsitsa mtengo mpaka kungotaya, wina n'kuwolera m'madengu. Pomwepo m'masitolo akuluakulu a m'tauni muli tomato wa m'mabotolo ndi tchipisi ta m'mapaketi tochokera ku South Africa, zogulidwa ndi madola osowa aja. Kukanakhala fakitale pafupi ndi Lizulu yophika tomato wathu n'kumuika m'mabotolo, yokazinga kachewere wa ku Tsangano n'kumuika m'mapaketi, mlimi akanagulitsa pamtengo wabwino, achimwene ndi achemwali anu akanapeza ntchito, boma likanatolera msonkho wochuluka popanda kukongola, ndipo mapaketi ena akanawoloka malire kukagulitsidwa ku Tete n'kubweretsa ndalama zakunja. Koma fakitale imafuna magetsi osazimazima ndi msewu wabwino wotsika kuchokera ku Tsangano, woti lole idutse ngakhale m'dzinja.

Tsopano tengani pensulo. Lembani 2063, muchotsemo chaka chomwe munabadwa. Amene anabadwa mu 2015 adzakhala ndi zaka 48, msinkhu wa mphunzitsi wamkulu, mwini fakitale kapena nduna ya zachuma. Mukamaliza samuyo, kapempheni amayi kapena azakhali kuti tsiku lokumana a banki mkhonde mudzakhale pambali pawo, muone momwe mlembi amalembera m'kope dzina la wokongola, ndalama zomwe watenga, ndi tsiku lodzabweza.