KUSANKHA BROWSER YA PA FONI: MAU KWA ALIMI NDI MAFUMU

Lero tikambirana za chinthu chimene chili m'foni mwanu, chimene ambiri amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osadziwa dzina lake. Dzina lake ndi browser. Imeneyi ndiyo pulogalamu imene imatsegula masamba a pa intaneti pamene mufuna kuona mtengo wa soya, kapena za mvula ya sabata la mawa. Ntchito yake ndi ya mthenga: mumamtuma, iye amapita, nabwera nalo yankho. Koma amithenga sali ofanana ai. Wina amadya kamba wambiri pa njira, wina amaulula za mbuye wake kwa aliyense wokomana naye.

Mafoni ambiri a Android amabwera ndi browser ya Chrome, imene kampani ya Google inaitulutsa m'chaka cha 2008. Imagwira ntchito bwino, koma palibe lamulo lakuti mukhale nayo yokhayo. Zilipo zina zaulere, ndipo posankha mudzifunse mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi imadya bandulo wochuluka bwanji? Tsamba lililonse limene mutsegula mumalilipira, pamodzi ndi zithunzi zotsatsa malonda zimene simunaziitane. Browser ya Opera Mini, ya kampani imene inayambira ku Norway, imayamba yapititsa tsambalo ku makompyuta a kampaniyo, kumene amalipanikiza monga mupanikizira fodya m'belo, ndipo limafika kwa inu litachepa. Kumene netiweki ili yofooka, ndiponso pa foni yaing'ono, imeneyi imathandiza ndithu. Ina ndi Brave, imene inatuluka m'chaka cha 2016. Iyo imatsekereza zotsatsa malonda zambiri, kotero kuti tsamba limabwera msanga ndipo bandulo amakhalitsa.

Funso lachiwiri: kodi imauza ndani za inu? Dziwani kuti chinthu chaulere alipo amene amachilipira. Kampani ya Google imapeza ndalama zake zambiri mwa kutsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amafuna kudziwa zimene inu mumafunafuna. M'masamba ambiri muli tizinthu tobisika timene timakutsatirani kuchokera pa tsamba lina kufika pa lina, ndi kulemba zimene mwaona. Browser ya Firefox, ya bungwe la Mozilla, imene inatuluka m'chaka cha 2004, imatsekereza tambiri ta tizinthu timeneti popanda inu kuiuza. Brave nayonso imatero. Koma za Opera Mini chenjerani: popeza masamba amadzera ku makompyuta a kampani pamene akupanikizidwa, musatsegulirepo tsamba la banki yanu.

Ena amati akatsegula malo otchedwa Incognito ndiye kuti abisala. Iai. Incognito imangobisa zimene mwaona kwa mbale amene adzabwereka foni yanu madzulo. Eni tsambalo ndi kampani ya foni amadziwabe kuti munafikako.

Funso lachitatu: kodi muli makina oyankha mafunso? Masiku ano mabrowser ambiri aikamo makina otere, amene amatchedwa AI. Mu Chrome muli Gemini, mu Edge muli Copilot, mu Brave muli Leo. Makinawa amayankha msanga ndi mau okoma, koma nthawi zina amanena zolakwa molimba mtima monga ngati ndi zoona. Iwo sanaone dothi la m'munda mwanu. Chifukwa chake za muyeso wa feteleza, kapena wa mankhwala ophera mbozi ndi osungira chimanga, funsani alangizi a zaulimi, ndipo werengani zolembedwa pa botolo. Muyeso wolakwa uononga mbeu za chaka chonse, ndipo ukhoza kudwalitsa ana.

Tsono inu mafumu, mverani bwino apa. M'manja mwanu muli maina a mabanja a m'mudzi, manambala a ziphaso zao za unzika, ndi milandu ya malo. Zimene mulemba pofunsa makinawa sizikhala m'foni mwanu ai. Zimapita ku makompyuta a kampani, kutali. Musalembemo maina a anthu anu, ngakhale mlembi wanu atanena kuti makinawo akonza kalatayo msanga. Zinthuzo si zanu nokha, anthu anachita kukusungitsani. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la m'chaka cha 2024 loteteza mbiri ya munthu aliyense, ndipo bungwe la MACRA ndilo liyang'anira lamuloli. Koma mlonda woyamba ndinu.

Kapena wina aopa kuti akasintha, masamba amene anazolowera sadzatseguka. Asaope. Brave, Edge ndi Samsung Internet anazimanga pa maziko amodzi ndi Chrome, otchedwa Chromium, motero tsamba lotseguka pa imodzi kawirikawiri limatsegukanso pa inzake. Firefox ili ndi maziko akeake, ndipo masamba ambiri imawatsegula bwino lomwe. Simuyeneranso kutaya yakale. Foni imodzi ikhoza kusunga ziwiri.

Nanga musankhe iti? Ngati vuto lanu ndi bandulo ndi netiweki, yesani Opera Mini pa kuwerenga nkhani ndi mitengo ya mbeu. Ngati simufuna kutsatiridwa, yesani Firefox kapena Brave. Iyeseni sabata limodzi, muone ngati bandulo akukhalitsa, ndipo mukatero mudzasankha nokha.

Potsiriza, sungani malangizo awa. Browser muitenge ku Play Store kokha, osati yochita kukutumizirani munthu pa msika, pakuti zina zoterozo ndi zachinyengo. Foni ikakupemphani kuikamo browser yokonzedwanso, lolani, chifukwa ndi mmene eni ake amatsekera mipata ya akuba. Ndipo nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena ya Mpamba musailembe pa tsamba lililonse, ngakhale likulonjezeni mphoto.

Mafumu, mukasonkhanitsa anthu pa bwalo, muwafotokozere mau awa, makamaka anyamata amene amathandiza makolo ao kugwiritsa foni.