Magazi obisika m'chigaza: zomwe makina a CT amaona

M'mwezi wa March 2009, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, Natasha Richardson, adagwa pomwe amaphunzira masewera otsetsereka pa chipale chofewa ku Mont Tremblant m'dziko la Canada. Adadzuka n'kumalankhula bwinobwino, ndipo poyamba adakana thandizo la achipatala. Patatha masiku awiri adamwalira. Chidamupha ndi magazi omwe ankaunjikana pakati pa chigaza ndi nembanemba yolimba yokuta ubongo.

Chigaza sichifutukuka. Mtsempha ukaphulika m'kati mwake, magazi amasowa kolowera, motero amapanikiza ubongo pomwe kunja sikukuoneka bala. Ekisire wamba angasonyeze fupa losweka, koma magaziwo sawaona.

Apa ndi pomwe makina a CT amathandiza. Makinawa, omwe Godfrey Hounsfield adapanga ndipo adaunikira wodwala woyamba ku London mu 1971, amazungulira mutu n'kujambula kuchokera mbali zambiri. Kenako kompyuta imasonyeza ubongo m'magawo opyapyala, ngati buledi wodulidwa. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa chabe. Makina a MRI amaonetsa zambiri, koma amachedwa, choncho pa ngozi madokotala amathamangira CT.

Chochititsa chidwi n'choti chithunzicho chimafotokoza nkhani yonse. Magazi atsopano amaoneka oyera. Akaumbika ngati nthanga ya dzungu, dokotala amadziwa kuti ali pamwamba pa nembanemba ija, kawirikawiri chifukwa fupa la m'mbali mwa mutu, pafupi ndi khutu, lang'amba mtsempha wothamanga magazi. Apo opaleshoni siyenera kudikira mawa. Akayala ngati mwezi wongokhala kumene, ndiye kuti ali pansi pa nembanembayo.

Mtundu wachiwiriwu ndi wachinyengo kwambiri kwa okalamba, omwa mowa kwambiri ndi omwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Gogo angagunde mutu pachitseko, nkhani n'kuiwalika, koma pakatha masabata angapo ayamba kuiwalaiwala, kudzandira kapena kufooka mbali imodzi. Achibale amati ndi ukalamba, ena n'kuyamba kulozana zala. Pa CT magazi akalewo amaoneka akuda, ndipo nthawi zambiri kuboola kabowo kakang'ono pachigaza n'kuwatulutsa kumamubwezeretsa munthuyo m'chimake.

Kuno kwathu, komwe ambiri amakwera njinga zamoto za kabaza opanda chipewa choteteza mutu, makinawa amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Wovulala wa kuboma amayenera kutumizidwa, ndipo ulendowo umadya nthawi. N'chifukwa chake amene wagunda mutu, ngakhale adadzuka yekha, afunika kupita naye kuchipatala msanga akayamba kusanza mobwerezabwereza, kumva mutu womwe ukunkirankira, kuwodzera modabwitsa, kulankhula zosamveka kapena kukomoka.